Ndalama Ija Mutumize pa Nambala Iyi

Ulendo uno tati tichoke kunyanja pang'ono, tikwere mtunda tikaone abale athu a kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, chifukwa vuto lomwe tikufuna kuti tikambirane limayenda mumsewu womwewo umene usipa wathu umadzera.

Kuyambira kale anthu a ku Salima ndi ku Nkhotakota akhala akudyerana ndi anthu a kumtundaku. Ife timakweza usipa, utaka ndi mpunga, iwo amatsitsa nyemba, mtedza, soya, tomato ndi mbatata ya kachewere. Amene adayendapo mumsewu wochokera ku Salima kupita ku Lilongwe akudziwa malonda a pa Mvera ndi pa Chezi, ndipo ogulitsa nsomba zouma akudziwa kuti tsiku la msika pa Mponela, pa Madisi kapena pa Malomo thumba la usipa silichedwa kutha. Ena mwa ife tidakwatitsa ana kumeneko, ena tili ndi ana amene akuphunzira kapena kugwira ntchito komweko.

Kale wageni ankayenda ndalama atamangirira pansalu m'chiuno, ndipo mantha ake adali pa opisa m'matumba a m'madepoti. Chiyambire Airtel Money m'chaka cha 2012 ndi TNM Mpamba m'chaka cha 2013, zinthu zidasintha. Mayi wa pa Mponela amaoda nsomba ku Senga Bay ali pakhomo pake, katundu n'kukwera galimoto, ndalama n'kudzera pafoni. Ichi n'chinthu chabwino ndipo palibe amene akufuna kubwerera m'mbuyo. Koma fisi amatsata kumene kwalowera mbuzi. Ndalama zitalowa m'foni, akuba nawo adalowa momwemo.

Chomwe tikufuna kuti titsindike n'chakuti wakuba wa pafoni sathyola chitseko. Amagogoda mwaulemu, ife eni ake n'kumutsegulira. Alibe mankhwala aliwonse ngakhale nzeru zozama za makina. Zida zake ndi makhalidwe athu omwe: chifundo, ulemu, changu chothandiza m'bale, ndi manyazi oopa kufunsa.

Misampha yake

Msampha woyamba pafupifupi aliyense adauonapo. Umabwera uthenga wachidule wakuti, "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi, inayo ili ndi vuto." Wolembayo sakudziwani. Amangotumiza uthenga womwewo kwa anthu mazanamazana monga momwe msodzi amaponyera khoka osadziwa kuti mulowa nsomba yanji. Mwa anthu onsewo sipalephera kupezeka mmodzi amene tsiku lomwelo amayenera kulipira thumba la usipa, lendi ya nyumba kapena fizi ya mwana. Iyeyo amaganiza kuti uthengawo wachokera kwa amene adapangana naye, basi n'kutumiza. Kuti azindikire, mwini katundu akuimba kufunsa kuti ndalama zija zili kuti.

Msampha wachiwiri ndi wa ndalama zosochera. Foni imalira, uthenga n'kubwera wooneka ngati mwalandira K50,000. Posakhalitsa wina akuimba, mawu ake achisoni: "Pepani bambo, ndalakwitsa nambala, zinali za kuchipatala, mundibwezere chonde." Munthu woleredwa bwino safuna kudya za mwini, ndiye amabweza msangamsanga. Chonsecho palibe ndalama yomwe idalowa. Uthenga uja adachita kulemba ndi manja, ndipo zomwe mwatumizazo ndi zanu zomwe. Uthenga weniweni wa ndalama umabwera ndi dzina la kampani pamwamba pake, pomwe wabodza umachokera pa nambala wamba ngati yanu ndi yathu. Njira yosavuta yodziwira zoona ndi kufunsa ndalama zotsala m'foni mwanu: *211# kwa a Airtel, *444# kwa a TNM. Ngati sizidachuluke, palibe chomwe mwalandira. Ngati zachulukadi, muuzeni mwiniyo kuti adzere ku kampani, chifukwa kampani ili ndi njira yobwezera ndalama zosochera.

Msampha wachitatu ndi wa munthu wodzitcha wa ku ofesi. Amalankhula Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, amati akuimba kuchokera ku kampani ya foni, ku banki, ku ofesi ya Mtukula Pakhomo kapena ku bungwe lina lothandiza anthu. Amati mwapambana mphoto, kapena dzina lanu latuluka, kapena nambala yanu itsekedwa lero lomwe mukapanda kutsatira zomwe akuuzeni. Kenaka amayamba kukuwerengerani manambala oti mudinde, ndipo kumapeto kwake amati mulowetse nambala yanu yachinsinsi. Pamenepo ndiye kuti mwadzitumizira nokha ndalama zanu kwa iye. Tinene mosapsatira mawu: palibe wogwira ntchito weniweni wa kampani ya foni kapena banki amene amafunsa nambala yachinsinsi ya munthu. Ndiponso mphoto yoti muyambe mwalipira kaye si mphoto. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Msampha wachinayi ndiwo woopsa koposa chifukwa umadzera pa mwana. Tiyerekeze kuti mwana wanu ali pasukulu yogonera komweko ku Dowa kapena ku Ntchisi, inu muli ku Nkhotakota. Wina akuimba m'mawa, akuti ndi mphunzitsi, mwana wakomoka, ali naye kuchipatala, pakufunika ndalama ya mafuta a galimoto pompano. Ndi mayi uti amene angayambe kuganiza bwino atamva zotere? Wakubayo akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake salola kuti mudule foni. Amafuna kuti musapume, musafunse, musaimbire wina. Misampha yonseyi yafanana pamenepa, imati "pompano". Mukangomva kuti munthu wosamudziwa akukufulumizitsani pa nkhani ya ndalama, dziwani kuti mwaponda pamsampha.

Akubawa amadziwanso nyengo. Misika ya fodya ikatsegulidwa ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, soya ndi mtedza zikayamba kugulidwa, amadziwa kuti mlimi wa kumtunda ali ndi kanthu. Mvula ikayandikira amabwera ndi nkhani ya feteleza wotsika mtengo. Zotsatira za mayeso zikatuluka amabwera ndi nkhani ya malo a sukulu ndi ntchito za m'boma. Ngakhale anthu othawa kwawo a pa Dzaleka, msasa womwe udatsegulidwa m'chaka cha 1994 kufupi ndi boma la Dowa, sasiyidwa. Bungwe la UNHCR limawachenjeza kawirikawiri kuti thandizo lake lonse ndi laulere, ndipo aliyense wofuna ndalama kuti awatumize kunja ndi wonyenga.

Kodi zidachokera kuti?

Chinyengo chotere sichidayambe ndi foni za m'manja. Akuluakulu amene ankagwira ntchito m'maofesi m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 akukumbukira makalata a papositi ochokera ku Nigeria, onena kuti pali chuma chamasiye chomwe chikusowa wochisunga, inu mungotumiza kandalama kochepa kotsegulira njira. Makalata amenewo adatchuka ndi dzina lakuti 419, yomwe ndi nambala ya gawo la malamulo a ku Nigeria loletsa kupeza ndalama mwachinyengo. Itabwera intaneti, makalata aja adasamukira pa imelo, ndipo lero ali pa WhatsApp ndi pa Facebook. Changosintha ndi chonyamulira, nyambo ndi yomwe ija.

Kuno kwathu vutoli si laling'ono. M'chaka cha 2023 bungwe la MACRA, lomwe limayang'anira zamafoni ndi mawailesi, lidanena kuti Amalawi ankaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni mwezi uliwonse kudzera m'chinyengo cha ndalama za pafoni. Apolisi ndi nyuzipepala akhala akunenanso kuti ambiri mwa mauthenga amenewa ankachokera kwa akaidi ena a kundende ya Zomba, amene ankalowetsa mafoni mozemba. Taganizani, munthu ali m'chitokosi ku Zomba koma akukolola soya wa mlimi wa ku Nthondo amene sadamuonepo nkhope! Ndipo tikumbukire kuti chiwerengero chilichonse cha zakuba chimachokera pa okhawo amene adakadandaula. Ambiri amangokhala chete.

Nthawi zina chotayika sichikhala ndalama chabe. M'chaka cha 2024 wailesi ya BBC idaonetsa nkhani ya amayi a ku Malawi oposa 50 amene adapulumutsidwa ku Oman, komwe ankagwira ntchito za m'nyumba mozunzika, atalandidwa ziphaso zawo zoyendera. Mmodzi mwa iwo adafotokoza kuti adamupeza pa Facebook n'kumulonjeza ntchito yabwino ku Dubai. Makolo, mwana wamkazi akakuuzani kuti wapeza ntchito kunja kudzera pafoni, musathamangire kugulitsa ngalawa kapena munda kuti apite. Yambani mwakafunsa ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ngati amene akulemba anthuyo ndi wodziwika ndi boma.

Adziwa bwanji dzina langa?

Ambiri amene adaberedwa amati, "Ndidakhulupirira chifukwa adanditchula dzina, adatchulanso mudzi wanga." Apa m'pamene pali nkhani ya chinsinsi. Zambiri zomwe wakuba amadziwa za ife, timamupatsa tokha osazindikira.

Tiyambe ndi chiphaso cha unzika. Boma lidalemba nzika m'kaundula m'chaka cha 2017, ndipo m'chaka cha 2018 lidalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Cholinga chidali chakuti wolakwa azipezeka. Koma akuba adapeza njira ina: amalembetsa manambala awo pa ziphaso za anthu ena. Kuyambira m'chaka cha 2020, pamene alimi adayamba kugula feteleza wotsika mtengo pogwiritsa ntchito chiphasochi, kudamveka nkhani zambiri za mavenda otolera ziphaso za anthu m'midzi. Munthu amapereka chiphaso chake kwa mlendo chifukwa cha kandalama kochepa, osadziwa kuti chikajambulidwa chikhoza kukalembetsa nambala yoberera anthu. Tsiku lomwe apolisi adzafufuze nambala ija, dzina lomwe lidzatuluke ndi la gogo wa kumudzi amene sadziwa n'kulemba komwe. Chiphaso chisamaleni ngati khasu lanu lomwe, ndipo musalembetsere munthu wina nambala m'dzina lanu, ngakhale atachonderera bwanji.

Chachiwiri ndi momwe timagulira foni zamakono. Munthu akagula foni yoteroyo pa Mponela kapena pa Kamuzu Road, amaipereka kwa mnyamata wokonza mafoni kuti amutsegulire. Mnyamatayo amapanga imelo, amasankha yekha mawu achinsinsi, amalowetsa WhatsApp ndi Facebook, mwini foni n'kulipira n'kumapita. Ambiri sadziwa n'komwe kuti ali ndi imelo. Chonsecho imelo imeneyo ndiyo kiyi wa foni yonse: manambala a abale, zithunzi za banja, makalata ofunsira ntchito ndi zithunzi za ziphaso zimatha kusungidwa m'menemo. Anyamata ambiri ndi okhulupirika, koma n'chifukwa chiyani kiyi wa kuchipinda kwanu azikhala ndi munthu wa pamsika? Uzani mwana kapena m'bale wodalirika akuthandizeni kusintha mawu achinsinsiwo, muwalembe m'kope, kopelo mulisunge pamene mumasunga zikalata za munda. Musasankhe chaka chomwe mudabadwa, kapena 1234, chifukwa wakuba amayamba kuyesa zimenezo.

Chachitatu ndi cha achinyamata amene akufuna ntchito ndi sukulu. Amalemba imelo ndi nambala yawo paliponse pamene aona mawu akuti ntchito, kenaka bokosi lawo limadzaza ndi makalata osadziwika kochokera. Ena mwa makalatawo amafanana ndi a banki kapena a kampani yodziwika, ndipo amati dindani apa kuti mutsimikize akaunti yanu. Mukadinda mumafika pa tsamba labodza lomwe ntchito yake ndi kukolola mawu anu achinsinsi. Kalata yotere musaiyankhe, ngakhale kuyankha mwaukali, chifukwa kuyankhako kumangouza wotumizayo kuti imelo yanu ili moyo. Ikankhireni m'bokosi lotchedwa Spam, n'kuiwala. Ntchito yoti muyambe mwatumiza ndalama ya fomu pa nambala ya munthu, imeneyo si ntchito. Ndipo mukatsegula imelo yanu pa kompyuta ya pamalo olipiritsa kapena pafoni ya mnzanu, onetsetsani kuti mwatuluka musanachoke.

Chachinayi ndi magulu a WhatsApp. Gulu la mudzi, la banki mkhonde, la makolo a pasukulu, la maliro, onsewa amaonetsa manambala a anthu onse amene alimo. Wakuba akalowa m'gulu limodzi, wapeza mayina, maubale ndi mavuto a anthu ambirimbiri. Chenjerani kwambiri ndi munthu amene akuti, "Ndakutumizirani manambala 6 molakwitsa, mundiwerengere." Manambala amenewo ndi kiyi wa WhatsApp yanu. Mukangomuwerengera, iye amalowa m'dzina lanu, inu n'kutsekeredwa kunja, ndipo amayamba kupempha ngongole kwa abale anu onse ngati ndinu. Chimodzimodzinso mauthenga ozungulira onena kuti bungwe lakutilakuti likugawa ndalama kapena bandulo yaulere, ingolembani dzina ndi nambala n'kutumizira anzanu khumi. Osatumiza. Potumiza uthenga wotero timasanduka antchito a wakuba opanda malipiro.

Lamulo lilipo

Dziko lathu lili ndi malamulo pa nkhaniyi. Lamulo la zochitika pa makina a intaneti la m'chaka cha 2016 limaletsa kulowa m'foni kapena m'kompyuta ya munthu popanda chilolezo, ndiponso kutumiza mauthenga osapemphedwa pofuna kuchita zachinyengo. Lamulo loteteza mbiri ya munthu la m'chaka cha 2024 limati amene akutolera mayina, manambala ndi ziphaso za anthu ayenera kukhala ndi chifukwa chomveka ndi kuzisunga mosamala, ndipo bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woyang'anira zimenezi. Choncho si mwano kufunsa munthu wobwera ndi kope m'mudzi kuti, "Mwachokera kuti, mayinawa mukupita nawo kuti, nanga amfumu akudziwa?" Umenewo ndi ufulu wanu.

Komabe lamulo limafika mbuzi italowa kale m'mimba mwa fisi. Ndalama za pafoni zikangotumizidwa, wakuba amazitapa kapena kuzisamutsa m'mphindi zochepa. Chitetezo chenicheni chili pakhomo.

Pangano la pabanja

Tikupempha banja lililonse kuti likhale pansi madzulo amodzi ndi kugwirizana zinthu zochepa izi.

Choyamba, pasatuluke ndalama chifukwa cha uthenga wolembedwa wokha. Imbani pa nambala yomwe mumaidziwa kale, mumve mawu a mwini wake. Akati nambala yakale ili ndi vuto, imbani pa yakaleyo kaye. Kawirikawiri mudzapeza mwini wake akuyankha bwinobwino, osadziwa kanthu.

Chachiwiri, nkhani ya ngozi kapena matenda ikabwera kuchokera kwa munthu wosamudziwa, dulani foni, mufunse munthu wachiwiri. Sungani nambala ya mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya mwana wanu, ndi ya m'bale mmodzi wokhala kufupi naye. Mphindi zisanu zofunsa sizipha wodwala. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachitatu, musanalowetse nambala yachinsinsi, werengani dzina lomwe foni ikuonetsa. Ngati mukutumiza kwa mayi amene mumaoda naye nyemba koma patuluka dzina lachilendo, imani pomwepo. Kwa ejenti, dindani nokha nambala yachinsinsi mutaphimba ndi dzanja, osaitchula mokweza pamzere.

Chachinayi, agogo ndi onse amene savutika kuwerenga asasiyidwe okha. Pakhale munthu mmodzi wodziwika m'banja amene aziwathandiza, ndipo adziwe kuti wina aliyense akaimba za ndalama, yankho ndi limodzi: "Dikirani ndifunse ana." Wakuba akamva mawu amenewa amadula yekha.

Chachisanu, foni ikatayika, kapena netiweki ikangozima mwadzidzidzi pomwe anzanu onse ali nayo, thamangirani ku ofesi ya kampani tsiku lomwelo, chifukwa mwina wina watenga nambala yanu pa khadi lina.

Manyazi ndiwo mpanda wa wakuba

Tatsala ndi mawu amodzi, ndipo ndi ofunika kuposa onse. Munthu akaberedwa mwa njira imeneyi amabisa. Bambo amaopa kuti mkazi wake amuona wopusa. Mayi amene wataya ndalama za banki mkhonde amaopa anzake, mpaka amakatenga katapira kuti abweze mwakachetechete. Mwana wasukulu amene watumiza fizi kwa wakuba amanama kuti zatayika m'basi. Mabanja ena afika pokayikirana, ubwenzi wa malonda wa zaka zambiri pakati pa wakunyanja ndi wakumtunda n'kutha, wina akuti ndatumiza, wina akuti sindidalandire, pomwe onse awiri akunena zoona.

Amene waberedwa si chitsiru. Aphunzitsi, amalonda akuluakulu ndi anthu ophunzira kwambiri nawonso amagwa m'misampha yomweyi, chifukwa wakubayo ntchito yake ndi yomweyo tsiku lonse. Tikamuseka woberedwa, tikuphunzitsa ena onse kubisa, ndipo wakuba amapitiriza ndi nambala yomweyo kwa mnansi wotsatira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Choncho zikakuchitikirani, musafufute uthengawo. Sungani nambala, nthawi ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama zidapita. Dziwitsani kampani ya foni nthawi yomweyo, chifukwa mukafulumira nthawi zina ndalama zimatha kutsekeredwa zisanatapidwe, kenaka kanenenei kupolisi. Mukatero uzani anzanu pamsika, padoko, kuchigayo ndi pamisonkhano ya m'mudzi. Atsogoleri athu nawo atithandize potchulako nkhaniyi pa zolengeza za Lachisanu ndi pamisonkhano ya makolo.

Ndipo inu amene mukukweza nsomba sabata ino, mukafika pa Mponela kapena ku Ntchisi, khalani pansi ndi anzanu amene mumachita nawo malonda, mugwirizane nambala imodzi yotumizirana ndalama, ndi kuti siidzasintha pokhapokha mutaonana maso ndi maso. Wakutsina khutu ndi mnansi. Tikumanenso m'magazini yotsatira.